Zokongoletsa khoma zotola kutchire: momwe ntchito ya pabalaza ikuyendera

Tsiku 1, kumapeto kwa Julaye

Khoma lomwe tikufuna kuveka ndi la pabalaza, la njerwa zootcha zomangira dothi, lopakidwa pulasitala wa simenti ndi laimu pamwamba. M'litali ndi mamita 3.6, msinkhu mamita 2.7. Tapangana zinthu zitatu. Chachikulu ndi felemu ya nsungwi ya masentimita 120 m'litali ndi 80 m'lifupi, kumbuyo kwake bango, pakati chithunzi cha makoko a nthochi. Chachiwiri ndi nthambi youma yolenjekapo zingwe za njere ndi makoko a mitengo. Chachitatu tikuchitcha dzuwa: lichero lakale lozunguliridwa ndi tsekera.

Zogula zikhale zochepa: guluu wa matabwa, waya wopyapyala, sandipepa, mankhwala a nsungwi, masikulu ndi mapulagi a pakhoma. Zina zonse zichokere pansi pa mitengo, kudambo ndi kunthochi.

Nyengo yake ndi inoyi. Mvula idatha kale, bango lakhwima, makoko akugwa okha, ndipo osaka mbewa sanayambe kuyatsa tchire. Mukachedwa kufika Seputembala mupeza phulusa lokhalokha.

Tsiku 2 ndi 3: kutola

Zabwera: zibenthu 40 za makoko a msambamfumu pamodzi ndi njere zake zakuda zachipewa chofiira, makoko 25 a mlombwa aja ozungulira okhala ndi minga pakati, makoko 60 a jakaranda, zipatso 15 za mbawa zong'ambika kale, malambe 6, bango 70, mtolo wa tsekera, mtolo wa makoko a nthochi, ndi nthambi imodzi yopotoka ya masentimita 95 yomwe madzi adaisiya pamchenga. Zikuoneka zochuluka, koma tolani kawiri pa zomwe mukufuna, chifukwa pofika posankha chimodzi mwa zitatu chimapita pamoto.

Za malo otola. Mitengo yakale ya msambamfumu yambiri yatsalira kumanda, ndipo kumanda salowako wamba popanda mawu a mfumu, zisiyeni. Munda wa mwini, pemphani. Nkhalango ya boma ili pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, ndipo kuchotsamo zinthu kumafuna chilolezo cha nthambi yoona za nkhalango. Wina akakuonetsani tizidutswa ta mkungudza wa ku Mulanje kuti tinunkhiritse felemu, kanani: mtengowo udatchulidwa kukhala mtengo wa dziko mu 1984 ndipo kuphiri kuja watsala pang'ono kutheratu. Nthenga, ngati mukuzifuna, zikhale za nkhanga zoweta.

Chitedze chauma nyengo ino ndipo chimayanga m'zitsamba za m'mbali mwa mtsinje momwe bango limamera. Yang'anani m'mwamba musanaweramire pansi. Khoko lililonse logona pansi muyambe mwaligudubuza ndi kamtengo, poti zinkhanira zimabisala m'menemo. Njere ziwiri tazikana ngakhale ndi zokongola: nsatsi, ndi tinjere tija tofiira tonyezimira tamutu wakuda tomera pa chiyangayanga. Zonsezi ndi poizoni, kuziboola n'kotulutsa poizoniyo, ndipo chingwe chikadzaduka zimamwazikira pomwe mwana amakwawa.

Tsiku 4: kusankha ndi kupha tizilombo

Apa ndi pomwe ntchito yonse imapulumukira kapena kufera. Chotola kutchire chimabwera ndi eni ake m'kati, mazira ndi mphutsi zomwe diso siliona, ndipo zikalowa m'nyumba zimadya chokongoletsacho kenako n'kusamukira ku mipando ndi ku thumba la chimanga.

Tayala nsalu yakuda patebulo, n'kumagogoda khoko lililonse katatu. Logwetsa ufa, kapena lokhala ndi timabowo tozungulira ngati toboola ndi singano, lafumbwa, lapita pamoto. Jakaranda 17, msambamfumu 9 ndi mlambe umodzi zathera pomwepo.

Zotsala zafunika kutenthedwa kapena kuziziritsidwa. Muyezo womwe amatsata pa matabwa opakira katundu wopita kunja ndi wakuti m'kati mwenimweni mwa thabwa mufike madigiri 56 kwa mphindi 30. Ife tayika uvuni pa madigiri 70 kwa ola limodzi, makoko atayalidwa osasanjikiza. Jakaranda ndi mbawa zatuluka bwinobwino. Mlombwa nawonso, kungoti mapiko ake ayamba kuthetheka, ofunika kugwira mosamala. Zibenthu zinayi za msambamfumu zapindika, chifukwa zidali zisanaumitsitse ndipo mbali yakunja idauma msanga kuposa yam'kati. Njere zomwe tidayesa mu uvuni zada zipewa, kufiira kuja kwasanduka kofiirira ngati dothi. Zotsalazo tazimanga m'pulasitiki n'kuziika mufiriza, pa madigiri 18 pansi pa ziro, kwa sabata yathunthu. Magetsi akazima mpaka zinthu kusungunuka, kuwerenga masiku kuyambirenso. Potulutsa musamasule pulasitiki mpaka njere zitasiya kuzizira, kuti thukuta ligwire pulasitiki osati njere.

Kopanda uvuni ndi firiza, njira ndi jumbo yakuda yomanga pakamwa, yoyanika padenga la malata masana onse kwa masiku atatu. Imagwira bwino dzuwa la Okutobala. La Julaye ndi lofooka, sitilikhulupirira.

Malambe tawapala ubweya ndi mpeni tili panja, mphepo ikuchokera kumsana, poti ubweyawo umayabwa. Tawadula pakati ndi hakisowo, takokota ufa ndi ulusi wonse, tawaviika m'madzi owira mphindi 5. Kaufa kotsalira pangodya n'kokwanira kuitana nyerere ndi makoswe.

Kuuma sitikuyeza ndi maso. Tasankha zinthu zisanu pa mtundu uliwonse, tazilemba manambala, ndipo tiziziyeza pasikelo ya kukhitchini masiku atatu alionse. Kulemera kukafanana kawiri motsatizana, zauma.

Tsiku 5: nsungwi

Tadula nsungwi zisanu ndi imodzi zachikuda, zonenepa masentimita 4 mpaka 4.5. Zachikudazi m'kati mwake bowo ndi laling'ono, pena mulibe, n'chifukwa chake ndi zolemera koma sizing'ambika chisawawa. Zachikasu zamizere yobiriwira zomwe zimabzalidwa m'mayadi a m'tauni ndi zokongola, koma zili ndi sitachi wambiri ndipo zimafumbwa msanga kuposa zina.

Nsungwi yanthete imadziwika: yobiriwira mowala, makoko akadali pamfundo, ndi kaufa koyera pakhungu. Imeneyo ikauma imakwinyika. Yofunika ndi ya zaka zitatu kapena zinayi, yothimbirira, yamawanga a ndere. Dulani pamwamba penipeni pa mfundo yoyamba kuti chitsa chisasunge madzi n'kuoletsa phata.

Tazidula motalikirapo, zitatu za masentimita 140 ndi zitatu za 100, kuti podzalumikiza tidzasankhe pomwe mfundo zagwera. Zamabowo taziboola mfundo zonse ndi chitsulo chomangira nyumba cha mamilimita 10. Zopanda bowo taziboola ndi dilo ya mamilimita 3 m'mbali, pafupi ndi mfundo iliyonse, mbali yomwe idzayang'ane kukhoma.

Choviikira ndi dzenje la masentimita 150 m'litali, 30 m'lifupi ndi 20 kuya, loyalamo pulasitiki yakuda yopinda kawiri. Mankhwala oteteza nsungwi kuti zisafumbwe: kilogalamu imodzi ya borax ndi imodzi ya boric acid m'malita 40 a madzi. Sungunulani kaye m'ndowa ya madzi otentha, apo ayi amangokhala pansi ngati mchenga. Nsungwi zilowe zikadali zaziwisi, poti mankhwalawa amayenda ndi madzi a m'nsungwimo; youma kale salowa patali. Tazipsinja ndi miyala, tavindikira ndi lata chifukwa cha nkhuku ndi ana. Zikhala masiku 10. Mankhwalawa mvula imawatsuka, choncho ndi a zinthu za m'nyumba zokha.

Akasowa, njira yamakolo ndi kumiza nsungwi mumtsinje kapena m'thamanda mwezi wathunthu kuti sitachi achoke. Imathandiza ndithu, koma zimatuluka zikununkha ndiponso zathimbirira.

Tsiku 8: makoko a nthochi

Abwino ndi omwe aumira pathunthu, osati ogwa pansi. Thunthu limodzi limapereka mitundu ingapo: akunja akuda ngati khofi, apakati ofiirira amawanga, am'kati oyererako ngati udzu. Tawapatula m'milu itatu.

Khoko louma likawongoledwa limang'ambika, ndiye taliwaza madzi, talikulunga m'chiguduli chonyowa mphindi 20. Likafewa, tadula m'mbali mopyapyala muja, taligoneka chafufumimba, n'kupala zisa zam'kati ndi msana wa mpeni mpaka kutsala khungu lakunja lokha, lochindikala ngati chikuto cha kope. Mbali yakuthwa ya mpeni imaboola. Palani motsata ulusi, kuchokera pakati kupita kunsonga. Zopalidwazo tazisanja pakati pa manyuzipepala, thabwa pamwamba, njerwa zinayi pathabwa. Nyuzipepala isinthidwe mawa ndi mkuja, apo ayi chuku chiyamba.

Tsiku 11: zingwe

Tawerengera mamita pafupifupi 40: 12 olukira bango, 10 omangira ngodya za felemu, 10 a cholenjeka, otsalawo a lichero. Khonje wopala pamanja ndi kupota pantchafu watipatsa mamita 14 tsiku lonse, manja akuyabwa ndi madzi ake. Otsalawo tagula wopota kale. Palibe chamanyazi, khonje ndi khonje.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukumbukira. Luzi limamangidwa lonyowa, ndipo likamauma limakoka n'kulimba. Chingwe chopota cha khonje chimachita mosemphana: chikanyowa chimafupika, chikauma chimatayirira. Mukamanga ngodya ndi khonje wonyowa, pakatha masiku awiri felemu ikugwedera. Luzi lathu lachokera ku nthambi za mombo zomwe zidadulidwa kale polambula munda. Kusenda mtengo wamoyo mozunguliza ndi kuupha.

Tsiku 15

Nsungwi zatuluka. Tazitsuka pamwamba, taziimika chilili pakhonde pomwe dzuwa silifika, tsinde pa njerwa. Bango lalowa m'madzi omwewo, likhala masiku atatu.

Tsiku 19

Nsungwi ziwiri zomwe zidali kumapeto kwa khonde zimaombedwa ndi dzuwa lamadzulo. Imodzi yang'ambika kuchokera kunsonga mpaka mfundo yachiwiri, mng'alu wolowa chikhadabo. Khungu lidauma n'kukoka m'kati mukadali madzi. Yapuma pantchito, tidzasemamo zikhomo. N'chifukwa chake tidadula zisanu ndi imodzi pomwe felemu ikufuna zinayi. Zotsalazo tazisunthira m'kati, ndipo tikuzitembenuza tsiku lililonse kuti zisapindike.

Zibenthu za malambe zasiya kutsika pasikelo. Msambamfumu ukutsikabe pang'ono.

Tsiku 22 mpaka 24: cholenjeka

Poyembekeza nsungwi, tayamba chachiwiri. Nthambi ya pamchenga ija tayikwecha ndi bulashi yawaya, osati sandipepa, kuti mizere yomwe madzi adasema isafafanizike. Mabowo 9 a mamilimita 4, otalikirana masentimita 9, ochokera pamwamba kutulukira pansi. Popeza nthambiyo ndi yopotoka, tayamba taipachika pamsomali ndi chingwe kuti tione momwe imakhalira yokha, kenako n'kulemba malo a mabowo. Mukaboola ili patebulo, pakhoma idzatembenuka ndipo zingwe zidzatulukira cham'mbali.

Njere za msambamfumu ndi zolimba ngati mwala ndipo zimaterera. Tasema kachibowo pathabwa kokhazikamo njere, n'kuboola ndi dilo ya mamilimita 2 modutsa mbali yakuda, pansi pa chipewa. Mukaboola kudzera pachipewa chimasweka n'kugwa. Opanda dilo, sipoko ya njinga yonola n'kuitenthetsa pambaula imaboola, kungoti imachedwa ndipo imasiya mkombero wopserera. Njere 70 zatenga madzulo awiri, 8 zasweka.

Makoko a jakaranda saboola vuto: bowo limodzi pafupi ndi phesi. Mlombwa sitinauboole, tamanga paphesi pomwe.

Chingwe chapakati ndi cha masentimita 85, ndipo chilichonse chotsatira kumanja ndi kumanzere chikufupika ndi masentimita 8. Pansi pa chinthu chilichonse pali mfundo, kuti kulemera kusatsikire pa chapansi. Tidayesa ulusi wa nayiloni wa asodzi pachingwe chimodzi: ndi wolimba, koma mfundo zake zimaterera ndipo umanyezimira moonekeratu kuti si wa pagululi. Tabwerera ku khonje wopyapyala wopaka phula. Kunsonga kwa chingwe chilichonse kukhale cholemera, monga chipatso cha mbawa. Chingwe chothera ndi mlombwa chimapindika n'kumakolana ndi chinzake kukangodutsa kamphepo.

Titapachika koyamba chidaoneka ngati chotchinga pakhomo la shopu, zinthu zothinana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tachotsa pafupifupi theka, n'kusiya masentimita 20 apamwamba a chingwe chilichonse opanda kanthu. Tsopano njere zofiira zija zikuoneka.

Tsiku 27 ndi 28: kuluka bango

Bango lauma. Tasenda makoko pamfundo, tadula zidutswa 112 za masentimita 74, posankha zowongoka zonenepa ngati chala chaching'ono. Dulani ndi hakisowo mukuzunguliza bangolo. Chikwanje kapena sizasi zimaliphwanya kunsonga.

Sitinaling'ambe ngati la mphasa yogonera, tikufuna likhale lathunthu kuti mithunzi izigwera m'mipata. Malukidwe ndi a zingwe ziwiri zopingasana: bango lilowe pakati, zingwe zipingasane, lina lilowe. Mizere itatu, wina masentimita 8 kuchokera pamwamba, wina pakati, wina masentimita 8 kuchokera pansi. Takhoma misomali itatu pathabwa yokolekapo zingwe kuti mizere isasochere.

Cholakwa chatsiku loyamba: mabango 30 oyambirira tidawaika onse tsinde pansi. Bango ndi lonenepa kutsinde ndi lowonda kunsonga, kusiyana kwake mwina milimita imodzi yokha, koma kuchulukitsa ka 30 kwapanga masentimita atatu, ndipo cholukacho chidayamba kukhota ngati chipepeso. Tamasula. Lina tsinde pansi, lotsatira tsinde m'mwamba, mpaka kumapeto. Alowa 103 kukwanitsa masentimita 110.

Musakoke zingwe mpaka bango kulira. Nyengo ya mvula limafufuma pang'ono, ndipo likasowa poyenda cholukacho chimatumbika pakati.

Tsiku 36: felemu

Nsungwi zaima pasikelo, patatha masabata atatu chitulukireni m'dzenje. Tadula ziwiri za masentimita 120 ndi ziwiri za 80, moti pokumana pagwere pamfundo kapena pafupi nayo, chifukwa pamenepo ndi pomwe nsungwi siphwanyika.

Misomali ayi. Ulusi wa nsungwi umayenda m'litali mokha, palibe wopingasa woumanga pamodzi, ndiye msomali umangougawa ngati mphanda yowazira nkhuni. Pokumana paliponse, masentimita 5 kuchokera kunsonga, tasema chikho chakuya gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa nsungwi, mbali zonse ziwiri, kuti zikumbatirane. Yambani ndi macheka awiri m'mbali, kenako chotsani zapakati ndi tchizulo. Mukasema mpaka theka, ngodya imafooka. Taboola bowo la mamilimita 6 kudutsa zonse ziwiri, takhomera chikhomo cha nsungwi chopaka guluu, osathinitsa kwambiri.

Musanamange luzi yezani chopingasa. Pakati pa zikhomo pali masentimita 110 ndi 70, ndiye kuchokera pangodya kufika pangodya yoyang'anana nayo pakhale masentimita 130.4, mbali zonse ziwiri. Yathu idatuluka 131.5 ndi 129.3. Takoka yaitaliyo ndi chingwe chopotera kamtengo mpaka zafanana, tasiya usiku wonse guluu aume chingwe chili pomwepo. M'mawa luzi lonyowa, kanayi mopingasa uku, kanayi uko, katatu mozungulira pakati pa nsungwi ziwirizo kuti likoke zonse, mfundo kumbuyo.

Bango talimangirira kumbuyo kwa felemu ndi waya wopyapyala pamalo 14. Waya akhale wopaka zinki; wakuda womangira zitsulo amachita dzimbiri ndipo dzimbirilo limatsikira palaimu.

Tsiku 38 mpaka 40: chithunzi cha nthochi

Makoko a nthochi samata pabango mwachindunji. Bango ndi lozungulira ndipo khungu lake lili ndi phula lachilengedwe, guluu sagwirapo. Pafunika tsinde lathyathyathya. Katoni tayikana chifukwa imamwa chinyontho ndipo mphemvu zimaikonda. Tagwiritsa chidutswa cha pulayiwudi cha mamilimita 3, masentimita 60 ndi 35. Phala la chinangwa kapena la ufa limamata ndithu, koma ndi chakudya. Guluu wake ndi woyera uja wa akalipentala, wa PVA.

Chithunzicho ndi chosavuta: mapiri atatu akuda, thambo loyererako, madzi a mizere yofiirira pansi. Chimene chimachipatsa moyo ndi komwe ulusi walowera. Pathambo ndi pamadzi ulusi ugone, pamapiri utsetsereke motsata phirilo. Kuwala kukagwa, mbali iliyonse imanyezimira payokha ngakhale mtundu uli umodzi.

Kuyesa koyamba kwalephera pawiri. Tidamata zidutswa zikadali zofewa ndi madzi, mogundana m'mphepete. Zitauma zidakoka m'lifupi, n'kusiya mipata ya mamilimita awiri kapena atatu momwe thabwa loyera limasuzumira. Khoko la nthochi silifupika m'litali, limafupika m'lifupi. Chachiwiri, thabwa lidapindika ngati mbale, poti mbali imodzi yokha ndiyo idamwa guluu.

Kukonza kwake: thabwa latsopano, lopakidwa mbali zonse ziwiri guluu wosungunula, magawo atatu a guluu ndi limodzi la madzi, kutsogolo n'kudetsedwa ndi makala osinja osakaniza m'guluu momwemo kuti mpata ukadzaoneka udzakhale ngati mthunzi. Zidutswa zimatidwe zouma, zosanjikizana mamilimita 5 monga amafolerera udzu, kuyambira kutali kubwera pafupi: thambo, mapiri, madzi. Guluu akhale wopyapyala. Wochuluka amatulukira m'mphepete n'kuuma monyezimira, ndipo pamenepo phula silidzalowa. Pulasitiki pamwamba, thabwa, njerwa zisanu ndi imodzi, maola 24.

Chithunzi chamangidwa pabango ndi waya kudzera m'timabowo tinayi tam'ngodya, tobisika ndi chingwe cha khonje chozungulira m'mphepete. Zibenthu za msambamfumu, zisanu kumanzere ndi zitatu kumanja, nazonso ndi zosokerera: timabowo tiwiri pachilichonse, waya kupyola bango. Tidayesa guluu wamoto wa kamfuti uja pa ziwiri. Tsiku lachitatu chimodzi chidagwa chokha, guluu atatsalira pakhoko, pabango posalala ngati sipadakhudzidwe.

Tsiku 41: lichero

Ili lapita msanga. Lichero lakale limasunga gaga m'mipata, ndiye talitsuka ndi sopo ndi bulashi, masiku awiri padzuwa. Tsekera wa masentimita 25, timitolo ta asanuasanu, timitolo 36 tosokerera kumbuyo kwa mkombero. Zibenthu zitatu za malambe pakati, zoyang'ana kunja ngati timbale. Tsekera tamudulira pomaliza, ndi chingwe chomangirira pakati pa lichero ngati kampasi.

Tsiku 43 ndi 44: mtundu ndi chopaka

Nsungwi zidatuluka zoyera mbuu, zosiyana ndi nthambi ya cholenjeka yomwe ndi yotuwa. Mankhwala odetsera ndi akukhitchini: misomali yadzimbiri yodzaza dzanja m'theka la lita la viniga, masiku anayi, chivindikiro chosatseka chifukwa mumatuluka mpweya. Payokha sachita zambiri pansungwi. Yambani mwapaka tiyi wakuda bii, masupuni anayi a masamba m'kapu imodzi, aume, kenako madzi a misomali aja. Chitsulo chikakumana ndi zowawa za m'tiyi ndiye mtundu wotuwa umabadwa, pakangopita mphindi zochepa. Khungu la nsungwi silimwa kanthu, lipalidwe kaye ndi sandipepa wa 120. Pomwe sitidapale bwino, m'mbali mwa mfundo, patsala mawanga oyera. Tawasiya, akuoneka ngati adabadwa nawo.

Vanishi tidamuyesa pa chibenthu chimodzi cha mlambe ndi khoko limodzi la nthochi. Zonse zasanduka ngati zapulasitiki za mumsika. Choipa china, chibenthu cha msambamfumu chomwe tidachipakanso chisanaime pasikelo chachita nkhungu yoyera pansi pa vanishi, chinyontho chitatsekeredwa m'kati. Tasankha phula la njuchi: gawo limodzi la phula, magawo anayi a mafuta a linseed owiritsa, kusungunulira m'chitini choika m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni. Pakani pang'ono ndi kansalu, dikirani mphindi 20, pukutani mpaka chala chisamamatire. Mafuta ophikira musayese, amavunda n'kununkha. Nsanza za linseed zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula panja kapena zimizeni m'madzi.

Tsiku 47: kupachika

Chachikulu chalemera makilogalamu 5.2, cholenjeka 1.4, lichero 0.9.

Msomali wa konkire woyamba, wa cholenjeka, udalowa mosavuta mokayikitsa. Titaukoka ndi zala udatuluka ndi dothi lofiira kunsonga: udapyola pulasitala n'kugwera pamzere wa dothi pakati pa njerwa. Pakhoma lotere funani njerwa yeniyeni. Boolani kabowo koyesera ndi dilo yaing'ono. Ikadutsa pulasitala n'kungolowa phululu, sunthani masentimita anayi m'mwamba kapena pansi. Panjerwa, bowo la mamilimita 6 lakuya masentimita 5, pulagi, sikulu ya mamilimita 50. Dilo isakhale pogogoda ngati njerwa ndi zosapsa bwino, imakulitsa bowo. Musaboole molunjika pamwamba pa swichi kapena soketi, mawaya amadutsa m'menemo.

Chachikulu chili pa masikulu awiri otalikirana masentimita 70, nsungwi yapamwamba itakhala pamasikuluwo. Sikulu imodzi ndi chingwe zimapendama aliyense akamenyetsa chitseko. Pakati pa chithunzi pali masentimita 150 kuchokera pansi, ndipo m'munsi mwa felemu mwatalikira masentimita 25 pamwamba pa mpando kuti mutu wa mlendo usagunde.

Kumbuyo kwa ngodya zinayi tamata timatabwa tochindikala masentimita 1.5. Khoma ili ndi lakunja, mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale limatuluka thukuta, ndipo bango logunda khoma lingachite chuku mwezi umodzi usanathe. Mpatawo ndi wodutsa mpweya. Analimata adzakhalamo, asiyeni, amadya tizilombo.

Tsiku 55

Pansi pa chilichonse tidayala pepala loyera kwa sabata. Pa chachikulu ndi pa cholenjeka palibe kanthu. Pansi pa lichero pali timilu tiwiri ta ufa wosalala, tochokera mumkombero. Mkomberowo ndi wansungwi yakale yomwe sidalowe m'dzenje la mankhwala kapena mu uvuni. Tidangoutsuka, ndipo sopo safika kwa mphutsi ili m'kati. Latsika pakhoma lero lomwe lisanapatsire felemu. Mu uvuni silikwana chifukwa cha tsekera, ndiye tabaya madzi a borax ndi boric acid m'bowo lililonse ndi jakisoni, tapakanso mkombero wonse kawiri, talimanga m'pulasitiki yakuda n'kuliika padenga. Dzuwa la Seputembala layamba kuluma, likhala pamenepo masiku asanu, kenako sabata ina papepala loyera lisanabwerere.

Luzi la ngodya yakumanzere pansi latayirira pang'ono, chala chikulowa. Lidali lochindikala kuposa enawo ndipo silidaviikidwe mokwanira. Limasulidwa Loweruka, latsopano ligone m'madzi usiku wonse. Zipewa za njere zomwe zili chakuwindo zayamba kufwifwa poyerekeza ndi zam'kati, ndiye cholenjeka chisinthana malo ndi lichero likadzabwerera, ndipo bowo latsopano lifunika kufufuzanso njerwa.